Dzanja Lamanja, Mphuno Yakumanzere

Lachiwiri, 10 Meyi

Ujeni watumiza uthenga. Dzina lake sindilemba muno, bukuli ndinagula ndekha. Akuti: "Ndidzabwera Loweruka pa 21 masana kudzatenga Kapitawo ndi mabokosi awiri aja. Landilodi wa kuno wavomera za mphaka." Basi. Ngakhale wadzuka bwanji palibe. Zaka zisanu tikudyera patebulo limodzi, lero ndasanduka malo osungirako katundu.

Ndinayamba ndalemba yankho lalitali, lokoma, lililonse la mawu ake lili ndi mano. Ndafufuta. Ndangoti "Chabwino." Aone yekha kuti sindikumutaira nthawi.

Kapitawo ndi mphaka wake. Anamutola ali kamwana kuseri kwa nyumba ina imene ankaikamo mawaya a magetsi, n'kubwera naye m'chikwama cha zipangizo. Dzinalo ndinapereka ndine, chifukwa ntchito yake ndi kukhala pamwamba pa kabati n'kumayang'ana ena akugwira ntchito. Ubweya wake umandiwenga kuyambira kale. Koma Ujeni ankamupesa pakhonde m'mawa uliwonse, kusesa, kuchapa mabulangete, ndipo kuchipinda sankamulola. Masabata atatu tsopano wopesa kulibe.

Ndiye nkhope yanga ndi iyi. Maso ofiira ngati ndakhala ndikudula anyezi mwezi wonse, mphuno ikuchucha ngati mpopi wotha labala, kuyetsemula kasanu ndi kawiri motsatizana. Aliyense wondiona akupendeketsa mutu mwachisoni. Ujeni akadzandipeza chonchi adzati ndakhala ndikumulira. Zimenezo ayi. Ndili ndi masiku khumi ndi limodzi. Adzapeza nkhope youma.

Lachitatu, 11 Meyi

Kushopu abwana andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Mayi, mukafuna masiku awiri opuma ingonenani. Zotere zimatha."

"Zotere ziti, bwana?"

"Ayi, chimfinecho."

"Si chimfine. Ndi mphaka."

"Eya, mphakayo," akutero akubwerera ku makina awo a fotokope. Ndiye kuti nkhani yanga yafika kale msewu wonse.

Ntchito yanga ndi kuboola mapepala ndi kumanga mabuku a kafukufuku a ana omaliza ku yunivesite. Ine amene ndinasiyira chaka chachitatu. Mulungu ali ndi nthabwala zake.

Masana ndapita kukafuna mankhwala. Mafamase awiri apafupi ndawadutsa dala kuti ndisakumane ndi wondidziwa, n'kukalowa ya kuseri kwa depoti ya mabasi. Kuseri kwa kauntala, m'jasi loyera, Mafunso.

Tinali kalasi imodzi, tonse tikuphunzira za mankhwala. Tinkamutcha Mafunso chifukwa dzanja lake silinkatsika, mphunzitsi asanamalize chiganizo iye wafunsa kale. Chaka chachiwiri chonse anakhozera manotsi anga. Chaka chachitatu ine ndinalephera pepala limodzi, limodzi lokha, akuti ndibwereze chaka. Ndinawauza kuti sindingakhale benchi limodzi ndi ana amene ndinkawalozera komwe kuli laibulale. Ndinanyamula chikwama changa. Papita zaka zisanu ndi zitatu.

Sanasinthe. Zinayamba liti? Mamina ndi oyera kapena achikasu? Thupi limatentha? Maso amayabwa? Kunyumba kuli chiweto? Chimagona kuti?

"Pakhonde," ndatero.

Wanditulutsira kabotolo ka mankhwala opopera m'mphuno. Kupopera kawiri mphuno iliyonse, kamodzi patsiku, m'mawa. Akuti sagwira tsiku lomwelo, amafuna masiku angapo. Wayamba kutsegula bokosi kuti andionetse kapoperedwe kake. Ndamulanda.

"Mmene mankhwala awa amagwirira ntchito m'thupi ndinakuphunzitsa ndine, kutatsala tsiku limodzi mayeso, ukulira."

"M'thupi inde," akutero. "Ine ndimanena za m'mphuno."

"Mphuno ndi yanga, ndakhala nayo zaka makumi atatu."

Waseka, osakwiya. Chimenecho ndiye chandiwawa kwambiri.

Lachinayi, 12 Meyi

Ndapopera. Mutu chagada, maso kudenga, kamlomo ka botolo molunjika m'kati, psi psi, kenako kukoka mpweya mwamphamvu kuti mankhwala akafike kumene kuli vuto. Sizifuna digiri. Patapita kanthawi zonse zatsikira kukhosi, kuwawa ngati ndatafuna piritsi la malungo. Tiyi sanakome, buledi sanakome. Ndiye kuti ndi amphamvu.

Kapepala ka malangizo kamene kanali m'bokosimo ndayala pansi pa mbale ya Kapitawo. Amamwaza chakudya.

Za pakhonde zija ndinanama. Amagona kuchipinda, mbali ya kukhoma, pamtsamiro wa Ujeni. Sindinamuitane. Tsiku lachiwiri Ujeni atachoka ndinangoiwala kutseka chitseko, ndipo ndakhala ndikuiwala mpaka lero. Bedi lija ndi lalikulu mopitirira, ndinanena kale tikuligula.

Lachisanu, 13 Meyi

Palibe chasintha. Kukhosi kukuwawa, basi.

Loweruka, 14 Meyi

Achemwali abwera m'mawa ndi jumbo ya malalanje ngati ndagonekedwa m'chipatala. Asanakhale n'komwe atsegula mawindo onse, asuzumira kuchipinda, apeza Kapitawo atatambalala pabedi.

"Uyu ndiye walowa m'malo?"

"Uyu sayankha, n'chifukwa chake timagwirizana."

"Ujanso sankayankha. Wosayankha yemweyo unamuthawitsa."

Akuti anakumana naye Lachinayi kusitolo ya zitsulo. Waonda, kolala ya shati ikuchita kulendewera. Anafunsa za ine. Ndati munamuuza chiyani? Akuti, "Zimene ndinaona sabata yatha. Maso otupa." Pang'onong'ono ndiwagende ndi lalanje lawo lomwelo.

"Ndi mphaka, achemwali. Ndi ubweya."

"Ubweya wake wanzeru bwanji. Umadikira uzitsuka kapu ya mwamuna kenako ukulowe m'maso."

Kapuyo inali ndi fumbi, ndimangoitsuka.

Kenako ayambanso nkhani ya kuchipatala ija. Ndiilembe kamodzi ithe. Mayi ake a Ujeni atagonekedwa, iye ankawerengera abale ake dzina la mankhwala limene dokotala analemba papepala. Analitchula mokhota, mmene munthu wa mawaya angatchulire. Ndinaseka. Kenako ndinalitchula bwino, pang'onopang'ono, ngati ndikuphunzitsa mwana, pamaso pa amalume ake, azakhali ake ndi anamwino awiri. Patatha sabata, mayi ake atatuluka, Ujeni analongedza. Ali pakhomo anati, "Zaka zisanu sunanenepo pepa. Sindinakuonepo ukulira. Sindikudziwa ngati umandifuna ine m'nyumba muno kapena umangofuna munthu woti uzimukonza." Ine ndinati asaiwale chaja ya foni.

Achemwali akuti, "Pepa ndi zilembo zinayi, iwe wa ku yunivesite. Ndikulembere?"

"Dzinalo analitchula molakwika."

"Eya, unakhoza. Landira satifiketi yako uzifunda."

Atapita ndadya malalanje atatu. Osamva kukoma, mphuno ndi yotseka.

Lamulungu, 15 Meyi

Ndapopera kanayi lero, monga dzulo ndi dzana. Ngati kamodzi sikukwana tiwonjezera, nthawi ndilibe. M'kati mwa mphuno mukuotcha, makamaka kumanja.

Chipeso cha Kapitawo chikadali pamsomali pakhonde, pomwe Ujeni anachisiya, ubweya wa tsiku lomaliza uli momwemo. Ndimadutsa ngati sindikuchiona.

Babu la pakhonde lapsa. Zaka zisanu sindinkadziwa kuti mababu amapsa.

Lolemba, 16 Meyi

Manyazi a chaka chino. Ndimamanga buku la mtsikana wina amene amafuna kukapereka masana. Ndayetsemula kamodzi, kenako ndangoona dontho lofiira papepala. Lachiwiri. Lachitatu. Kamfuno. Ndipo patsamba liti? La zothokoza. "Kwa mwamuna wanga wokondedwa, amene anandipirira." Magazi anga pa "anandipirira" penipeni.

Ndaponya mutu kumbuyo, ndatseka ndi tishu, magazi n'kumatsikira kukhosi mpaka mseru. Abwana azungulirazungulira ndi kapu ya madzi osadziwa choti achite nayo. Mtsikanayo wangoima, "Pepani mayi, pepani," ngati wandimenya ndi iye. Anthu ena mawu amenewa amangowamwaza ngati makoko a mtedza.

Ndasindikizanso tsambalo. Ndaliwerenganso, posafuna.

Kwatsala masiku asanu. Nkhope ndi yomweyo, kuwonjezapo magazi.

Lachiwiri, 17 Meyi

Ndinapita kukamuuza Mafunso kuti amagulitsa mankhwala achabechabe. Mawu ndinakonzeratu m'minibasi. Ndaika kabotolo pakauntala ngati umboni kukhoti.

Wamvetsera mpaka ndamaliza. Wakweza kabotoloko kukayang'anira pakuwala.

"Kangati patsiku?"

"Kamodzi."

Wangondiyang'ana.

"Kanayi."

Wauza mnzake kuti agwire kauntala, n'kunditengera kuchipinda chakumbuyo komwe kuli makatoni ndi sinki. Wandipatsa botolo lachionetsero, lopanda mankhwala.

"Tandionetsa mmene umachitira."

Ndaonetsa. Mutu kumbuyo, psi, kukoka.

"Ndiye wakhala ukumwa," akutero. "Sabata yonse wakhala ukumwa mankhwala, kungoti kudzera m'mphuno. Kukhosi kumawawa?"

Ndayang'ana makatoni.

"Magazi anatuluka kumanja?"

"Wadziwa bwanji?"

"Umagwira ndi dzanja lamanja. Dzanja lamanja likapita mphuno yakumanja, kamlomo kamaloza kachipupa kapakati. Pamenepo m'popyapyala, sipachedwa kuchita chilonda. Iwe wakhala ukupawomba kanayi patsiku."

Ndilembe zimene wanena, poti kapepala kaja kali ndi msuzi wa mphaka. Kumina kaye, modekha. Kukhutchumula botolo. Likakhala latsopano, kapena lakhala masiku osagwira ntchito, kupopera m'malere mpaka mankhwala atuluke ngati nkhungu. Dzanja lamanja, mphuno yakumanzere. Dzanja lamanzere, mphuno yakumanja. Kamlomo kaloze kunja, ngati ukufuna kuthira khutu la mbali yomweyo. Kukoka mpweya pang'ono chabe, ngati ukununkhiza duwa la eni ake, n'kuutulutsira kukamwa. Ukamva kuwawa kukhosi ndiye kuti wakoka kwambiri. Kupukuta kamlomo, kutseka. Kamodzi patsiku, tsiku lililonse, ngakhale zitayamba kusintha. Lero ndisapopere, chilonda chipume. Magazi akabweranso ndisiye, ndikaonane ndi dokotala.

Koma choyamba pa zonsezi, mutu.

"Werama."

Ndatsitsa chibwano pang'ono.

"Werama, mnzanga. Yang'ana zala za kumapazi."

"Ndawerama."

"Ukundiyang'anabe ine, kuti uone ngati ndikuseka." Waika dzanja pankhongo panga n'kukankha pang'onopang'ono. Dzanja lofunda. Khosi langa lachita kulira ngati chitseko cha dzimbiri. "Ngakhale kamfuno, umaweramira kutsogolo n'kutsina mphuno. Zonse za mphuno n'zowerama."

"Izi sanatiphunzitse."

"Anatiphunzitsa. Chaka chachinayi."

Ndafufuza chinyozo m'mawu amenewa njira yonse yobwerera. Sindinachipeze. Ananenanso kuti manotsi anga aja akadali nawo, amawatsegulabe akaiwala kanthu. Ndamuuza kuti adzandibwezere. Sindikudziwa kuti ndikawatani.

Potuluka funso lomaliza, poti ndi Mafunso.

"Mphaka uja amagonadi pakhonde?"

Ndisanayankhe watola ubweya paphewa langa, wina pakolala, wina m'tsitsi, n'kuuika m'dzanja langa ngati chenji.

"Mankhwala achita mbali yawo. Koma ukamagona ndi chimene chikukudwalitsa usadzabwerenso kudzandikalipira."

Lachitatu, 18 Meyi

Ndachita monga ananenera. Ndaima kubafa, ndayang'ana zala za kumapazi. Utoto wa m'zikhadabo unasupuka kalekale, sindinkadziwa. Dzanja lamanzere ndi lopusa, lagunda tsaya kaye lisanapeze mphuno. Koma kukhosi sikunawawe. Tiyi wakoma. Zandikwiyitsa.

Nditaweruka ndachapa mabulangete, makatani, zonse za pabedi. Nsalu ya mtsamiro wa Ujeni ndinaisiya pomaliza. Ndaigwira nthawi yaitali pamwamba pa beseni. Fungo sindikumva lililonse, ndiye sindikudziwa chimene ndimasunga. Ndaiviika.

Chitseko cha kuchipinda lero ndikumbukira kutseka.

Lachinayi, 19 Meyi

Kapitawo ndamupeza atatsamira chitseko, nkhope ngati ya munthu wochotsedwa ntchito popanda mlandu. Ndatenga chipeso pamsomali paja, ndamanga mpango kumphuno, ndamupesa pakhonde. Amatembenuka yekha, mbali iyi kenako iyo, n'kukweza chibwano. Anazolowera dzanja lina. Ine ndimakoka kwambiri, wandiluma kawiri.

Achemwali aimba foni. "Loweruka ndibwere?"

"Mudzatani?"

"Kudzakugwira pakamwa."

Ndawauza kuti sindine mwana. Akuti mwana akanakhala bwino, amalira zikamuwawa.

Ndayetsemula katatu kokha tsiku lonse.

Lachisanu, 20 Meyi

Mphuno yatseguka. Ndinali pakati poboola mapepala, ndangomva mpweya ukudutsa mbali zonse ziwiri. Fungo la inki, la guluu, la mafuta a m'tsitsi a abwana. Akuti, "Mayi, mwachira." Ndati ndinakuuzani kuti ndi mphaka.

Palibe anandichenjeza kuti mphuno ikatseguka imamva zonse, osasankha. Madzulo ndimakokera mabokosi a Ujeni pafupi ndi chitseko kuti mawa asachedwe. Limodzi latseguka. Pamwamba pali ovolosi yake ya buluu. Sopo wake, thukuta, ndi kafungo kaja ka waya wopsa kamene ndinkamuthamangitsa nako pasofa.

Ndakhala pansi pomwepo. Maso achucha kwa kanthawi. Mwina mankhwala sanafike kumeneko.

Ndasita diresi yanga yobiriwira, yoti ndidzavale mawa.

Loweruka, 21 Meyi

Ndapopera m'mawa, mowerama, dzanja ili mphuno iyo. Pagalasi: maso oyera, mphuno youma, diresi yobiriwira. Ndinadziuza kuti ndapambana asanafike n'komwe.

Wagogoda. Kiyi ali nayo m'thumba, koma wagogoda. Waondadi. Wabwera ndi dengu lovindikira loikamo mphaka, ndi kanthu kena kotukumuka m'thumba la shati.

Kapitawo wamuthamangira, kudzikhula m'miyendo yake, kulira, wopanda manyazi ngakhale pang'ono. Ujeni wagwada kumusisita, koma maso ali pa ine. Wandiyang'ana nthawi yaitali, mmene amayang'anira waya akafuna kudziwa ngati muli moto.

"Ukuoneka bwino."

"Ndili bwino."

"Achemwali ako anati..." Wasiya. Wayambanso. "Anati maso ako ndi otupa chichokereni ine. Ndiye ndimati mwina tikhale pansi. Ngati pali zoti tikambe."

Mpando unali pomwepo. Ketulo inali itawira kale. Makapu ndinali nditatulutsa awiri, ndikudziwa ndekha chifukwa chake.

Pakamwa panga sipadikira mwini wake.

"Unali ubweya wa mphaka wakoyu. Ndinapeza mankhwala, zatha."

"Ubweya."

"Ubweya basi. Umaganiza kuti n'chiyani?"

Wagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye. Nkhope yake yangotsekeka, mmene timatsekera shopu nthawi ikakwana.

"Ayi, ndiye zili bwino. Ndimada nkhawa pachabe."

Watulutsa kanthu ka m'thumba kaja. Babu. Akuti la pakhonde linali litayamba kuphethira asanachoke, amadziwa kuti silifika kutali. Watenga mpando womwe uja akanakhalira, wakwerapo, wasintha, wayatsa, wazimitsa. Wanyamula mabokosi kupita nawo kugalimoto ya mnzake, maulendo awiri. Kapitawo wakana dengu, wandikwera paphewa. Ndamuchotsa ndekha, chikhadabo chimodzichimodzi.

"Ukumupesa ndiwe? Ubweya wake uli bwino."

"Winawake amayenera kutero."

Kiyi waisiya patebulo, pakati pa makapu awiri aja.

Sindinayetsemule ngakhale kamodzi. Nkhope youma kuyambira pogogoda mpaka galimoto kukhota. Zonse zimene ndinkafuna.

Achemwali aimba kanayi. Sindinayankhe.

Lamulungu, 22 Meyi

Nyumba yayera. Ubweya palibe. Chitseko cha kuchipinda ndasiya chotsegula, wolowa kulibe.

Mafunso anati ndisasiye msanga, ndiye m'mawa ndalowa kubafa ndi kabotolo kanga. Kumina, mulibe kanthu. Kukhutchumula. Kuwerama. Ndayang'ana zala za kumapazi, ndangoona madontho akugwera pamenepo, limodzi, lina, lina. Osati ofiira. Mphuno youma gwa, mpweya ukudutsa bwinobwino. Ndafunafuna choti ndinamizire. Mphaka kulibe. Fumbi ndinasesa. Mankhwala akugwira.

Ndakhala pansi, msana kukhoma, foni m'manja. Dzanja lamanja lalemba, "Waiwala chipeso cha mphaka wako." Lafufuta. Lalemba, "Babu lako likuwala mopweteka maso." Lafufuta. Limadziwa mawu ambiri dzanja limeneli, onse akuthwa.

Ndasinthira foni kumanzere. Lopusa lija. Latenga nthawi. Lasiya chilembo chimodzi, ndachiona, sindinakonze.

"Sunali ubwea. Pepa."

Ndatumiza 9:40. Timizere tiwiri tasintha mtundu 9:41. Pamwamba paoneka kuti akulemba. Pazima. Paonekanso.

Buku lili pamaondo, foni pansi pafupi ndi phazi, mutu chiweramire.